Khansa ya kumtundu: zoyenera kudziwa musanasankhe kuyezetsa

Banja likaika maliro awiri kapena atatu a nthenda imodzi, pamabuka funso limene ambiri amangonong'onezana kuseri kwa nyumba ya siwa: kodi nthendayi ndi ya kumtundu, kapena pali amene akutichita chipongwe? Ngati mayi anu anamwalira ndi khansa ya m'mawere, ndipo tsopano akulu anu apezeka ndi chotupa m'bere, funso limeneli si lachilendo kwa inu. Mwinanso m'bale wanu wa ku Joni wakuimbirani kuti kumeneko kuli njira yoyeza magazi yodziwira ngati munthu anatengera chiopsezo cha khansa kwa makolo ake. Njirayo ilikodi. Koma musanagulitse mbuzi kuti muilipire, ndiponso musanaikane chifukwa cha mantha, ndi bwino mudziwe zimene imanena, zimene singanene, ndi zimene zingatsatire pa moyo wanu ndi wa abale anu. Nkhaniyi ndi ya inu a ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe amene mukuganizira zimenezi, komanso inu alangizi a zaumoyo, anamwino ndi odzipereka osamalira odwala m'midzi, amene anthu amayamba kukufunsani asanafike kwa dokotala.

Khansa zambiri si za kumtundu

Pa anthu 100 alionse odwala khansa, ndi 5 mpaka 10 okha amene nthenda yawo imachokera ku vuto lotengera kwa makolo. Khansa zimene zimatipha kwambiri kuno ku Malawi zili ndi magwero ena. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ili patsogolo pakati pa amayi, imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Khansa ya Kaposi, ija imatulutsa zigamba zakuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo, imabwera ndi kachilombo kena ndipo imakula msanga chitetezo cha thupi chikatsika chifukwa cha HIV. Khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada kapena mimba mwa ana, imayenderana ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndi malungo obwerezabwereza.

Choncho ngati amayi awiri a nyumba imodzi adwala khansa ya khomo la chiberekero, chofunika kwa ana awo aakazi si kutumiza magazi kunja. Chofunika ndi katemera wa HPV, amene boma linamuyesa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013 ndipo linamufikitsa dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9, komanso kuyezetsa khomo la chiberekero kwa amayi. Kuyeza kwa viniga kumatenga mphindi zochepa, ndipo kachilonda kakapezeka msanga kamawotchedwa kasanasanduke khansa. Bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likugwira ntchito imeneyi limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'maboma a Blantyre ndi Chiradzulu kuyambira 2018.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza amayi. Zipatala zina zimayeza HPV potenga chinyezi cha kumaliseche, ndipo ogwira ntchito amatchula mawu akuti DNA. DNA imene ikufufuzidwa pamenepo ndi ya kachilomboko, osati yanu. Kuyeza kumeneko sikunena kanthu za makolo anu, ndipo sikukhudzana ndi nkhani ya bambo wa mwana.

Kodi munthu amatengera chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo iliyonse muli malangizo a kagwiridwe kake ka ntchito. Malangizowa a sayansi amawatcha majini. Musawasokoneze ndi majini a mizimu aja. Awa ndi timagawo ta DNA timene timachititsa kuti mwana afanane mphuno ndi bambo ake, khungu ndi mayi ake. Jini iliyonse timakhala nayo iwiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo.

Majini ena ntchito yawo ndi kukonza zowonongeka m'maselo kuti asayambe kuchulukana mosalamulirika. Odziwika kwambiri ndi BRCA1 ndi BRCA2. Mu 1990 katswiri wa ku America, Mary-Claire King, anaonetsa kuti pali jini yochititsa khansa ya m'mawere kuyenda m'mabanja ena. Jiniyo, BRCA1, inadziwika bwinobwino mu 1994, ndipo BRCA2 mu 1995. Munthu akabadwa ndi imodzi mwa majiniwa ili yolakwika, maselo ake amadalira inzake yotsalayo. Nayonso ikadzawonongeka m'selo ina ya m'bere, palibenso chokonza, ndipo khansa imatha kuyamba. N'chifukwa chake m'mabanja otere nthendayi imabwera munthu akadali wamng'ono.

Ziwerengero zochokera ku America ndi ku Ulaya zikusonyeza kuti pa amayi 100 okhala ndi BRCA1 yolakwika, pakati pa 55 ndi 72 amadwala khansa ya m'mawere pofika zaka 70 mpaka 80, ndipo pafupifupi 40 amadwala khansa ya m'mabasiketi a mazira. Kwa BRCA2, ndi pakati pa 45 ndi 69 ya m'mawere, ndi 11 mpaka 17 ya m'mabasiketi a mazira. Ziwerengerozi n'zazikulu, komabe sizikufika 100. Amayi ena amabadwa ndi vutoli, n'kukalamba, n'kumwalira ndi nthenda ina. Kuyeza kumanena za kukula kwa chiopsezo. Sikunena kuti muli ndi khansa, ndipo sikutchula chaka chimene mudzadwale.

Vutoli si la azungu okha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018, wa gulu la Olufunmilayo Olopade, anayeza amayi oposa 1,100 odwala khansa ya m'mawere ku Ibadan m'dziko la Nigeria. Anapeza kuti 7 pa 100 alionse anali ndi BRCA1 yolakwika, ndipo 4 pa 100 anali ndi BRCA2 yolakwika.

Musaiwale mbali ya bambo

Kuno kwathu midzi yambiri ndi ya chikamwini. Mukafunsa munthu za abale ake, amayamba ndi mayi, agogo aakazi, atsibweni ndi mbumba yonse. A kuchimuna amatengedwa ngati a mudzi wina. Pa nkhani ya munda ndi ufumu zimenezo zili m'malo mwake, koma majini sayendera mwambo umenewu. Kholo lililonse lokhala ndi jini yolakwika, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, mwana aliyense amene labereka ali ndi mwayi theka woti aitengere. Bambo akhoza kukhala moyo wake wonse osadwala, koma n'kupatsira mwana wake wamkazi. Choncho azakhali anu amene anamwalira ndi khansa ya bere ali ndi zaka 38 akukukhudzani chimodzimodzi ndi mayi anu aang'ono.

Izi zikutanthauzanso kuti si chilungamo kuloza mkazi chala kuti wabweretsa nthenda m'banja. Palibe amene amasankha majini ake, ndipo palibe amene amasankha chopatsira ana ake. Nawonso amuna ali pa chiopsezo: BRCA2 yolakwika imakweza mwayi wa khansa ya prostate, ya kapamba, ngakhalenso ya bere mwa mwamuna.

Chinthu choyamba chimene mungachite sichilira ndalama. Khalani pansi ndi agogo, atsibweni ndi azakhali, mulembe pa pepala mibadwo itatu ya mbali zonse ziwiri: ndani anadwala, khansa ya chiwalo chiti, ali ndi zaka zingati, ndipo anapezeka nayo ku chipatala chiti. Mawu akuti "anatupa mimba" kapena "anali ndi bala losapola" alembeni momwemo, musawasandutse khansa ngati chipatala sichinanene. Ngati mabuku a kuchipatala a malemu alipo, asungeni. Zizindikiro zoti banja liyenera kuonana ndi dokotala pa nkhaniyi ndi izi: khansa ya m'mawere munthu asanafike zaka 50, khansa ya mawere onse awiri, khansa ya m'mabasiketi a mazira pa msinkhu uliwonse, khansa ya bere mwa mwamuna, kapena abale angapo a mbali imodzi odwala khansa zimenezi. Chimodzimodzinso abale angapo odwala khansa ya m'matumbo aakulu kapena ya m'kati mwa chiberekero akadali achichepere, zimene madokotala amazitcha matenda a Lynch.

Zotsatira zili mitundu itatu

Kuyeza majini a BRCA sikuchitika pa chipatala chaching'ono cha Chileka kapena cha Lirangwe, ndipo si mbali ya chithandizo cha masiku onse m'zipatala za m'maboma. Wofuna kuyezetsa amadzilipirira, ndipo magazi kapena malovu amatumizidwa kunja, monga ku South Africa. Ndiye m'pofunika kudziwiratu chimene ndalama yanu idzakubweretsereni.

Zotsatira zikhoza kunena kuti vuto lapezeka. Apa ndiye kuti chiopsezo chanu n'chachikulu, ndipo abale anu a bere limodzi ndi ana anu aliyense ali ndi mwayi theka wokhala nalo.

Zikhoza kunena kuti vuto silinapezeke. Yankho limeneli limakhala lolimba pokhapokha ngati vuto lenileni la m'banjamo linadziwika kale mwa m'bale wodwala, ndipo inu mwapezeka kuti mulibe. Zikatero chiopsezo chanu chimafanana ndi cha mayi wina aliyense, chimene sichikutanthauza kuti simungadwale. Koma ngati palibe wodwala amene anayezedwa, yankho lakuti "silinapezeke" silitseka nkhani, chifukwa mwina khansa ya m'banja lanu ikuchokera ku jini ina imene sinayezedwe. Pa chifukwa chimenechi, ngati ndalama ikukwanira munthu mmodzi yekha, ndi bwino ayambe kuyezedwa amene akudwala kapena anadwalapo, osati wathanzi amene ali ndi nkhawa.

Mtundu wachitatu ndi umene anthu ambiri sauyembekezera: apeza kusiyana kwina mu jini, koma sakudziwa ngati kuli koopsa kapena ayi. Yankho lotere limatuluka kawirikawiri kwa anthu a ku Africa kusiyana ndi azungu, chifukwa ambiri mwa anthu amene majini awo anafufuzidwa kale ndi ochokera ku Ulaya, choncho pofananitsa pamasowa. Madokotala salangiza opaleshoni pa yankho lotere. Munthu amatsala ndi mbiri ya banja lake monga poyamba, ndalama itapita.

Mukadziwa, mudzachita chiyani?

Funso ili liyenera kuyankhidwa magazi asanatengedwe. Mu May 2013 katswiri wa mafilimu wa ku America, Angelina Jolie, analengeza kuti anachotsedwa mawere onse awiri atapezeka ndi BRCA1 yolakwika. Mayi ake anamwalira ndi khansa ali ndi zaka 56. Mu 2015 anachotsedwanso mabasiketi a mazira. Nkhani yake inachititsa amayi ambiri m'mayiko olemera kukayezetsa. Koma iye anali ndi madokotala ndi ndalama zoyendetsera chisankho chakecho. Mayi wa ku Lirangwe ayenera kuwerengera zimene zili m'manja mwake.

Kwa mayi amene vuto lapezeka, njira zodziwika ndi izi: kuyezedwa mawere ndi achipatala kamodzi kapena kawiri pa chaka kuyambira zaka pafupifupi 25, kujambulidwa mawere ndi makina pamene makinawo alipo, kumwa mankhwala monga tamoxifen dokotala akaona kuti n'koyenera, ndi opaleshoni yochotsa mabasiketi a mazira ndi machubu ake kapena mawere. Opaleshoni ya mabasiketi imalangizidwa pa zaka 35 mpaka 40 kwa BRCA1, ndi 40 mpaka 45 kwa BRCA2, mayi akamaliza kubereka. Imachepetsa kwambiri chiopsezo, koma imasiyitsa msambo nthawi isanakwane, ndipo mimba siidzathekanso. Zonsezi zimafuna maulendo a ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndalama ya minibasi, ndi wotsala ndi ana kunyumba.

Kwa mayi amene akudwala kale, yankho lingathandize dokotala kusankha opaleshoni ndi mankhwala, ndi kuyang'anira bere linalo. Kwa wathanzi amene banja lake lili ndi mbiri yoonekeratu, dokotala akhoza kumuika pa ndondomeko yoyezedwa mawere pafupipafupi ngakhale popanda kuyeza majini. Pali anthu amene akamva zimenezi amati, "Ndiye ndalamayo ndisungire mayendedwe a kuchipatala." Ena amati, "Ndikufuna ndidziwe, kuti ana anga adziwe." Onsewa asankha mwanzeru ngati amvetsa zimene akusankha.

Yankho lanu ndi la abale anunso

Kuyeza malungo kumanena za inu nokha. Kuyeza majini kumanenanso za mayi anu, achemwali anu ndi ana anu, amene sanavomere kuyezedwa. Ganizirani msanga amene mudzamuuze. Achemwali anu ali ndi ufulu wodziwa kuti adziteteze, komanso ali ndi ufulu wokana kumva. Njira yabwino ndi kuwauza kuti pali zimene mwapeza zokhudza banja, n'kuwafunsa ngati akufuna kuzimva, m'malo moziponya pa gulu la WhatsApp la abale.

Ganiziraninso za ukwati. Mtsikana amene mudzi wamva kuti "kwawo kuli khansa" akhoza kuthawidwa ndi chibwenzi, ndipo mayi wapabanja akhoza kunyozedwa ndi apongozi. Wachipatala alibe chilolezo chouza mwamuna wanu, ankhoswe kapena mwini mbumba popanda inu kuvomera. Mukafuna kubwera ndi wina pokamva zotsatira, musankhe nokha. Ndipo ngakhale amene walipira ndi mchimwene wanu wa kunja, yankho ndi lanu.

Ana osakwana zaka 18 sayezedwa BRCA, chifukwa khansa zake sizibwera paubwana ndipo palibe chithandizo chimene mwana angayambe. Kumuyeza n'kumulanda mwayi wodzasankha yekha akadzakula. Koma pali khansa imodzi ya kumtundu imene silola kudikira: khansa ya m'diso mwa ana aang'ono, retinoblastoma. Pafupifupi 40 pa 100 ya ana odwala nthendayi amakhala ndi jini yolakwika m'thupi lonse, imene angadzapatsire ana awo. Chizindikiro chake ndi kuyera kwa pakati pa diso, kowala ngati diso la mphaka usiku, kapena diso loyang'ana kumbali. Mwana wotere apite msanga ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens. Ngati kholo kapena m'bale wake anadwalapo, khanda lililonse lobadwa m'banjamo liyezedwe maso kuyambira masabata oyamba, ngakhale likuoneka bwino. Ikapezeka isanatuluke m'diso, moyo wa mwana umapulumuka.

Kwa inu amene mumalangiza

Ntchito yanu si kumusankhira munthu. Mawu akuti "mukanakhala inu mukanatani, anesi?" mudzawamva kawirikawiri, ndipo ndi bwino kuwabweza mwaulemu pofunsa chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri. Wina akuopa kusiya ana amasiye. Wina akuopa mpeni. Wina akufuna umboni woti aonetse abale kuti agogo ake aja sanalodze munthu. Mukadziwa nkhawa yake, mudziwa poyambira.

Pewani mawu akuti "peresenti" kwa munthu amene sanawazolowere. Tengani njere 10 za chimanga, mupatule 6 kapena 7, munene kuti mwa amayi 10 okhala ndi vutoli, awa ndi amene angadwale pa moyo wawo wonse, ndipo awa atsalawa sadwala. Pofotokoza za theka, ponyani ndalama yachitsulo, ndipo muonetse kuti mwana aliyense ali ndi kuponya kwakekwake: ana anayi onse akhoza kutengera, kapena osatengera ngakhale mmodzi. Mukamaliza, m'pempheni akufotokozereni m'mawu ake zimene wamva. Kugwedeza mutu si umboni wa kumvetsa, makamaka kwa mayi amene anaphunzitsidwa kusatsutsa wovala yunifolomu.

Mupatseni nthawi. Kupatula nkhani ya diso la mwana ndi ya munthu amene ali ndi chotupa kale, palibe changu. Apite akaganize, akafunse amene amawakhulupirira, abwerenso. Chilolezo chosainidwa tsiku la maliro, kapena pamaso pa m'bale amene akukakamiza, si chilolezo chenicheni. Ndipo muchenjezeni za otsatsa malonda pa Facebook amene amalonjeza kuyeza majini popanda uphungu, kenako n'kugulitsa mankhwala oti "atsuke magazi". Palibe mankhwala, a zitsamba kapena achizungu, amene amasintha jini imene munthu anabadwa nayo.

Mafunso oti mupite nawo

Ngati mwaganiza zokaonana ndi dokotala, tengani pepala lija la mbiri ya banja, ndipo mufunse: Kodi mbiri imeneyi ikusonyezadi khansa ya kumtundu? Ndani m'banja mwathu ayenera kuyamba kuyezedwa? Akayeza majini ati, ku labotale iti, pa mtengo wanji, ndipo yankho lidzatenga nthawi yaitali bwanji? Ndani adzandifotokozere zotsatira? Vuto likapezeka, chithandizo chake ndikachipeza kuti? Ndikapanda kuyezetsa, mungandiyang'anire bwanji? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Kaya muyezetsa majini kapena ayi, dziwani mawere anu. Muziwayang'ana ndi kuwakhudza kamodzi pa mwezi, patapita masiku ochepa mutamaliza kusamba. Kachotupa kolimba, ngakhale kosapweteka, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka ku nsonga, khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje, kapena mwanabere wa m'khwapa wosatha, zonsezi n'zoti mupite nazo sabata yomweyo ku chipatala cha Chileka, cha Lirangwe kapena ku Mlambe ku Lunzu, ndipo mupemphe kalata yopitira ku Queens ngati chotupacho chikufunika kuyezedwa kanyama. Amayi ambiri kuno amafika khansa ya m'mawere itafalikira kale, pamene yopezeka msanga imachizika. Mukafika, nenani kwa namwino amene wakulandirani za abale amene anadwala, a kuchikazi ndi a kuchimuna omwe, ndipo mupemphe kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala kuti aliyense wodzakuonani pambuyo pake aziwerenge.